Chenjezo: Musatuluke m'hotela musanadziwe komwe dzina ndi khadi lanu zatsala

Mahotela akuluakulu ambiri, makamaka ku America ndi ku Ulaya, akhala ndi chizolowezi chimene amati n'chothandiza mlendo kuti asakaime pamzere m'mawa. Usiku womaliza, anthu ali m'tulo, wantchito amayenda chitseko ndi chitseko n'kumalowetsa bilu kunsi. Mlendo akadzuka amangoiwerenga, kusiya kiyi, n'kunyamuka, ndipo ndalama zimadulidwa pakhadi limene anapereka pofika. Njirayi amaitcha express checkout. Imafulumizadi zinthu. Koma pepala lolowetsedwa mothamanga nthawi ya 3 koloko usiku silimalowa lonse nthawi zonse: lina limatsalira theka kunja, lina limapita ku chitseko cha munthu wina. Ndipo papepalapo pamakhala dzina lanu lonse, nambala ya chipinda, tsiku limene munafika ndi limene mukuchoka, nthawi zambiri adiresi kapena dzina la kampani imene mumagwirako ntchito, manambala omalizira a khadi lanu, ndi chilichonse chimene munadya kapena kumwa.

Wina anganene kuti manambala anayi omalizira a khadi sangabetse ndalama. N'zoona, paokha sangatero. Ntchito yawo ndi ina: amapangitsa wakuba kumveka ngati munthu woyenera kumukhulupirira.

Kathyali amene wadziwa dzina lanu ndi nambala ya chipinda amaimbira foni ku hotela n'kupempha kuti amulumikize kwa inu. Foni ya m'chipinda imalira pakati pa usiku kapena mbandakucha. Mawu aulemu amakutchulani dzina, n'kupepesa chifukwa chokudzutsani, n'kunena kuti ndi a ku risepishoni, kompyuta yawo yasokonekera ndipo khadi lanu lakana. Mungowerenganso manambala onse, tsiku lothera ntchito, ndi manambala atatu a kuseri aja, kuti m'mawa musadzachedwe. Munthu watulo, amene akuopa kuchita manyazi ndi nkhani ya ngongole, amawerenga. Chinyengo chimenechi apolisi ndi mabungwe oteteza ogula ku America akhala akuchenjeza za icho kwa zaka zambiri, ndipo sichikutha chifukwa sichifuna luso lililonse la makompyuta. Hotela yeniyeni sifunsa nambala ya khadi pafoni ya m'chipinda. Mukalandira foni yotere, idulani, ndipo ngati mtima ukukayika, valani mupite nokha pakauntala.

Chinyengo chomwechi chinasamukira pa intaneti. Kuyambira cha m'ma 2023, anthu ambiri amene anasungitsa malo kudzera pa Booking.com akhala akulandira uthenga wooneka ngati wochokera ku hotela, wowauza kuti malipiro awo sanadutse ndipo atsimikizenso khadi mwamsanga kupanda apo ataya chipinda. Chimene chinkasokoneza anthu n'chakuti uthengawo unkabwera m'kati mwa pulogalamu yeniyeni ya Booking.com, uli ndi masiku olondola a ulendo wawo. Akuba anali atalanda kaye maakaunti a mahotelawo, kawirikawiri pomunyenga wantchito wa pa risepishoni kuti atsegule imelo yokhala ndi msampha.

Apa ndiye pagona nkhani. Mlendo angakhale wochenjera chotani, zinsinsi zake zikangolowa m'manja mwa hotela, chitetezo chake chimadalira anthu amene iye sawadziwa. Ndipo mbiri ya makampani akuluakulu pankhaniyi siyopatsa chilimbikitso. Pakati pa 2008 ndi kumayambiriro kwa 2010, akuba analowa katatu m'makompyuta a kampani ya mahotela ya Wyndham. Bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linakasuma ponena kuti manambala a makhadi oposa 619,000 anabedwa, anthu n'kuberedwa ndalama zoposa madola 10.6 miliyoni, komanso kuti ena mwa manambalawo ankasungidwa poyera, osabisidwa m'njira iliyonse. Kumapeto kwa 2016, pulogalamu yakuba inali m'makina olipirira a pakauntala penipeni m'mahotela oposa 1,000 a kampani ya InterContinental Hotels Group, eni dzina la Holiday Inn ndi Crowne Plaza. Mlendo ankapereka khadi kwa wantchito wovala yunifolomu, n'kulandira lisiti lake bwinobwino, manambala ake ali pa ulendo wopita kwa mbava.

Yoposa zonse ndi ya Marriott. Akuba analowa m'makompyuta a kampani ya Starwood, eni mahotela a Sheraton ndi Westin, m'chaka cha 2014. Marriott inagula Starwood mu 2016, n'kugulira kumodzi akubawo ali m'kati osadziwa, ndipo anadzatulukira mu 2018. Zaka zinayi. Ofesi ya ku Britain yoona za chitetezo cha zinsinsi za anthu inati zolembedwa za alendo pafupifupi 339 miliyoni zinakhudzidwa, ndipo mu Okutobala 2020 inalipitsa kampaniyo chindapusa cha mapaundi 18.4 miliyoni. Marriott yokha inavomereza kuti manambala a mapasipoti pafupifupi 5.25 miliyoni anali osabisidwa. Khadi la kubanki mutha kuliletsa lero n'kutenga lina sabata yamawa. Dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti simungazisinthe choncho.

Tisanamizane kuti izi ndi za kunja kokha. Kuno kwathu wakuba safunikanso kuthyola kompyuta, chifukwa zambiri zimakhala pamtetete. Lowani m'malo ogona alendo ambiri, kaya ndi resitihausi ya pa boma kaya loji ya kunyanja, mupeza kaundula wamkulu ali chitsegulire pakauntala. Akukupatsani cholembera kuti mulembe dzina, nambala ya foni, kumene mwachokera, kumene mukupita, nambala ya galimoto ndi ya chiphaso cha unzika, ndipo pamwamba pa mzere wanu pali mayina a onse amene agona pamenepo sabata yonse. Amene ali ndi foni yojambula amangodikira kuti wa pa risepishoni atembenuke kukatenga kiyi. Malo ena amajambula chiphaso cha unzika pafotokope n'kuunjika mapepalawo m'dirowa imene sikhomedwa. Atatha miyezi, mapepala amenewo amapita kuti? Funsani, muone ngati alipo amene angakuyankheni.

Tonse timaudziwa uthenga uja wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ambiri tinauzolowera ndipo timangoufufuta, chifukwa wotumizayo amangoponya mwachimbulimbuli. Koma talingalirani uthenga womwewo ukubwera patangotha maola awiri mutachoka pa loji ku Mangochi kapena ku Salima, ukutchula dzina lanu ndi chipinda chimene munagona, n'kunena kuti pabilu panatsala ndalama ya chakudya cha dzulo usiku, mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba kuti asakadandaule ku ofesi kwanu. Ndi angati angaime kaye n'kuimbira malowo pa nambala yawo yodziwika? Ndipo malo ogona amene amalola antchito awo kulandira malipiro pa nambala ya foni ya munthu payekha, m'malo mwa nambala ya bizinesi, akuphunzitsa alendo awo chizolowezi chimene akathyali amachifuna.

Palinso mchitidwe wina umene ukuyenera kutheratu. Munthu akafuna kulipirira mnzake kapena wantchito wake chipinda ali kutali, mahotela ena amamuuza kuti alembe manambala a khadi pafomu, kapena ajambule khadilo mbali zonse ziwiri n'kutumiza pa imelo kapena pa WhatsApp. Chithunzi chimenecho ndi khadi lathunthu; aliyense amene ali nacho atha kugula nacho zinthu pa intaneti. Malamulo a makampani a makhadi monga Visa ndi Mastercard, amene amadziwika kuti PCI DSS, amaletsa wamalonda kusunga manambala atatu a kuseri aja malipiro akadutsa. Hotela imene ili ndi chithunzi cha kuseri kwa khadi lanu m'foni ya wantchito ikuswa malamulo amenewo, kaya ikudziwa kaya ayi. Musalolenso woperekera zakudya kutenga khadi lanu n'kupita nalo kuseri ati makina ali komweko. Makina a masiku ano amanyamulika. Abwere nawo, kapena mumutsatire. PIN yanu lembani nokha, dzanja lina litaphimba.

Nkhani ya bilu si ya ndalama yokha. Bilu imaulula moyo wa munthu: anagona kuti, usiku ungati, m'chipindamo munali anthu angati, anamwa chiyani. Ndikudziwa kuti ena pano akumwetulira, ati odandaula ndi achibwenzi chamseri basi. Aiwala mayi amene wathawa nkhanza kunyumba ndipo akubisala kwa masiku angapo, mboni imene yabwera ku mlandu, mtolankhani amene akukumana ndi munthu womutsina khutu, kapena wodwala amene wabwera m'tauni kudzaonana ndi dokotala ndipo sanafune kuti kuntchito adziwe. Kwa anthu amenewa, wa pa risepishoni amene amatchula dzina ndi nambala ya chipinda mokweza, kapena amene amatumiza bilu kwa aliyense woimba foni n'kunena kuti ndi mkazi wake kapena ndi a ku akaunti kuntchito kwake, atha kuwaika pa ngozi yeniyeni. Ngati bungwe lanu likukulipirirani malo ogona pamsonkhano, pemphani mabilu awiri: ya chipinda ipite ku ofesi, ya zimene mwagula nokha mulipire nokha. Hotela iliyonse yolongosoka imatha kuchita zimenezi mukanena pofika.

Tibwere ku ndalama zenizeni. Pofika, mahotela ambiri amagwira kaye ndalama ina pakhadi lanu ngati chikole cha zimene mungawononge kapena kugula. Ndalamayo sinadulidwe, koma simungaigwiritse ntchito, ndipo pakhadi lotenga ndalama mwachindunji mu akaunti yanu imatha kutenga masiku ambiri, ngakhale masabata, isanabwerere. Kwa Mmalawi amene ali ku Johannesburg kapena ku Nairobi ndi tindalama takunja timene banki yamulola movutikira, chikole chimenechi chitha kumugoneka ndi njala. Funsani kuti agwira zingati, ndipo pochoka muwauze achimasule inu mukuona, akupatseni umboni wolembedwa. Makina akakufunsani ngati mukufuna kulipira m'ndalama ya dziko limene muli kapena m'madola, kawirikawiri ndi bwino kusankha ya dzikolo, chifukwa mtengo wosinthira umene makinawo amakupatsani umakhala wokwera.

Ndiye pali ndalama zongowonjezera zimene zimatulukira pomaliza. Ku America zinafika poipa, mahotela akulengeza mtengo wotsika kenako n'kuwonjezera malipiro okakamiza amene amati resort fee, mpaka Federal Trade Commission inakhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2025, lokakamiza malo ogona kuonetsa mtengo wonse poyambirira. Kuno funsani musanagone ngati mtengo umene akuuzaniwo ukuphatikiza VAT ndi msonkho wa zokopa alendo. Ndipo amene watuluka osawerenga bilu asadabwe kuona pakhadi pake zakumwa za m'kafiriji ka m'chipinda zimene sanazigwire, kapena chakudya chimene mlendo wina anasainira pa nambala ya chipinda chake. Mukadali pakauntala nkhani yotere imatha m'mphindi zochepa. Mukafika kwanu, imasanduka mafoni ndi maimelo osayankhidwa.

Eni malo ogona asaganize kuti zonsezi ndi nkhani ya ulemu chabe. Kuyambira 2024 Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limafuna kuti wotenga zambiri za munthu atenge zokhazo zofunika pa ntchitoyo, azisunge motetezeka, asazisunge kupyola nthawi yoyenera, ndipo zikabedwa anene. Limapatsanso munthu ufulu wofunsa zimene bungwe likusunga zokhudza iye. Ku South Africa lamulo lofanana nalo, POPIA, linayamba kugwira ntchito mokwanira mu Julayi 2021, ndipo Zambia inakhazikitsa lake chaka chomwecho. Kaundula wotsegula pakauntala ndi wovuta kumuteteza pamaso pa malamulo amenewa, pamene kumukonza sikulira ndalama zambiri: mlendo aliyense apatsidwe kapepala kakekake, kasungidwe mokhoma, ndipo kakatha ntchito kawotchedwe kapena kang'ambidwe bwinobwino. Tikupempha MACRA ndi unduna woona zokopa alendo kuti akamayendera malo ogona asamangoona ukhondo wa zofunda ndi zimbudzi. Atsegulenso madirowa a pa risepishoni.

Inu alendo, pochoka dzipatseni mphindi khumi. Werengani bilu mzere ndi mzere, landirani lisiti losonyeza kuti palibe chotsala, ndipo mapepala onse okhala ndi dzina lanu muwatenge, osawasiya m'bini ya m'chipinda pamodzi ndi kachikwama ka kiyi kolembedwa nambala. Tsegulani mauthenga a kubanki a pafoni kuti ndalama iliyonse ikatuluka muzidziwa pompo, ndipo muziyang'ana akaunti yanu kwa masabata angapo mutabwerako, chifukwa akuba ena amayamba ndi kandalama kakang'ono poyesa ngati khadilo likugwira ntchito. Mukaona chachilendo, imbirani banki tsiku lomwelo aletse khadilo, kenako mulembe kalata yokana malipirowo. Mabanki ndi makampani a makhadi ali ndi malire a masiku olandirira madandaulo otere, ndipo akadutsa, ngakhale mutakhala ndi lisiti m'manja, ndalamayo kuibweza kumavuta.