PAKHOMO PATHU: Tizigamba Tonunkhira ta pa Khirisimasi



Khirisimasi kuno kwathu imafika m'nyengo yothina. Ndalama zimakhala zitathera ku mbewu ndi feteleza, chimanga m'nkhokwe chikutsika, manja ali pakhasu. Komabe pa 25 Disembala tonse timafuna kuti m'nyumba mwathu ndi m'tchalitchi muoneke mwachikondwerero. Apa m'pamene ena a ife timakongola ndalama kukagula zokongoletsa zapulasitiki, zimene zimathothoka ngongole isanathe. Mwezi uno tikambirane za zokongoletsa zimene tingasoke tokha, zokoma m'maso ndi m'mphuno momwe.

Nsalu yake sitigula. Tizidutswa ta chitenje totsala kwa atelala, kapena mbali yolimba ya capulana yakutha, n'zokwanira. Tisankhe yathonje chifukwa imatulutsa fungo, pamene yanayiloni imalitsekera mkati. Ngati ili yatsopano tiyambe taichapa kuti ifewe.

Pakatoni tijambule mtima, belu kapena nyenyezi ya masentimita 10, n'kudula nsalu ziwiri zofanana motsata chithunzicho. Ophunzira ayambe ndi mtima, pakuti nsonga za nyenyezi zimavuta kutembenuza. Tiphatikize nsaluzo, mbali zokongola zitayang'anana, tisoke mozungulira ndi misoko ing'onoing'ono, tisiye kampata kolowa zala ziwiri. Tikatembenuza, tiikemo thonje pang'ono pamodzi ndi zonunkhira, titseke kampatako, kenaka tisokerere kachingwe kokolowekera.

Zonunkhira zambiri zili pakhomo pomwe: masamba a bulugamu, mpungabwi, udzu wa tiyi uja ena amautcha balacate, ndi makoko a mandimu kapena a nachesi. Amene angathe awonjezere canela kapena cravinho pang'ono wa kumsika. Paja anzeru a kum'mawa aja, pamodzi ndi golide, anapereka kwa Mwanayo lubani ndi mure, mphatso zafungo labwino.

Koma apa tivomereze cholakwa chathu. Chaka china tinachedwa kuyamba, ndipo tinathyola masamba mvula itagwa kale. Tinawayanika tsiku limodzi lokha n'kuwasokera m'nsalu ali anthete. Pofika Sabata la Khirisimasi, nyenyezi zathu zonse zinali zitachita nkhungu, ndipo m'malo monunkhira zinkanunkha. Ntchito ya milungu iwiri inathera kudzala. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono nyengo yoyanika ndi Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, mpweya ukadali wouma. Masamba tiyanike palichero, pamthunzi popita mphepo, osati padzuwa, chifukwa fungo lawo lili m'mafuta amene amauluka akatenthedwa. Auma bwino pokhapokha akamafumbutuka m'manja. Makoko tiwadule tizidutswa, tichotse choyera cham'kati, tiyanike mpaka azithyoka. Popeza nachesi amachuluka m'nyengo yozizira, wanzeru amasunga makoko ake kuyambira Juni. Abale a ku Angónia ndi ku Tsangano, kumene chinyezi chimachedwa kuchoka mvula ikayamba, asamale koposa a mumzinda wa Tete. Zosokazo tizisunge m'chitini chotseka bwino kufikira tsiku lake.

Pokoloweka tizitalikitse ndi makandulo ndi nyale, ndiponso tiziike posafika makanda amene amaika chilichonse m'kamwa. Fungo likayamba kuchepa, kungofinya pang'ono limabwereranso. Zikondwerero zikatha, tiziike m'sutikesi ya zovala kuti zipitirize ntchito.

Tikupempha amayi a Chigwirizano kuti posoka asakhale okha. Itanani atsikana ndi anyamata omwe, pakuti mwana wophunzira msoko pa kamtima aka mawa adzasoka yekha yunifolomu yake ikang'ambika. Ndipo aliyense asoke kamodzi kapadera ka agogo amene sathanso kufika kutchalitchi, kapena ka wodwala amene adzadyere Khirisimasi pamphasa. Dorika wa ku Yopa, amene timawerenga za iye pa Machitidwe 9, akazi amasiye anamulira ataonetsa zovala zimene anasoka. Singano ndi yaing'ono, koma imafika patali.

Tiyambe kutolera tizigamba sabata ino, mvula isanagwe. Ambuye adalitse ntchito ya manja anu.