Mufunseni phungu wanu zimene adayankhula ku Lilongwe

Abale ndi alongo a m'mphepete mwa nyanja, ndikukulemberani ndili ku Kawale, kufupi ndi Nyumba ya Malamulo imene idatsegulidwa mu 2010. Aphungu amene mumawatuma kuchokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota timawaona akudutsa pa galimoto zawo. Koma ndi angati mwa inu amene amadziwa zimene amachita akalowa m'nyumbayo?

Tidazolowera kuyamikira phungu chifukwa cha bokosi la maliro kapena malata amene adagula. Chifundo n'chabwino, koma sindicho timam'sankhira. Ntchito yake yeniyeni ndi yolondera chuma, chitetezo ndi ubale wa dziko lathu ndi maiko ena.

Chaka chilichonse aphungu ndiwo amavomereza bajeti ya boma, ndiponso malamulo olola boma kukongola ndalama kunja. Dziko likamira m'ngongole ndipo ndalama zakunja zikasowa, kwacha imagwa. Mu Novembala 2023 banki ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Msodzi wa ku Makanjira adazionera pa mtengo wa ukonde ndi mafuta a injini. Mayi wogulitsa usipa ku Chinsapo adazionera pa mtengo wa thiransipoti ndi makasitomala othawa. Kodi phungu wanu adafunsapo za ngongole zimenezi asadavomereze?

Pa chitetezo napo pali miyoyo ya ana athu. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 adaphedwa kufupi ndi Beni ku DRC, ndipo mu Januwale 2025 ena atatu adafera pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23. Nyumba ya Malamulo ili ndi komiti yoona za chitetezo. Iyo ndiyo yoyenera kufunsa ngati asilikali amapita ndi zida zokwanira, ndiponso ngati amasiye awo akusamalidwa.

Ndipo inu eni nyanja, musaiwale mkangano wa malire ndi Tanzania umene udabukanso mu 2012. Iwo akuti malire adutse pakati pa madzi. Ife tikuimira pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, limene lidaika malire kugombe la tsidya lawo. Akazembe amene amatiyankhulira kunja amatsimikizidwa ndi komiti ya aphungu. Phungu wogona pampando angathe kuvomereza munthu wosayenera.

Choncho wofuna voti yanu akafika pabwalo, m'landireni mwaulemu, koma mufunseni. Ngati ndi phungu wakale, anene komiti imene adakhalamo ndi zimene adayankhula pa bajeti yathayi. Sangakunamizeni, pakuti mawu onse a m'nyumbayo amalembedwa m'buku la Hansard. Ngati ndi watsopano, afotokoze maganizo ake pa ngongole, pa asilikali ndi pa nyanja. Akayankha ndi chitenje kapena ndalama, dziwani kuti lamulo la zipani la 2018 limaletsa mphatso zokopera voti.

Chitenje chimatha chaka chisadathe, koma phungu mukhala naye zaka zisanu. Wakutsina khutu ndi mnansi.