Aphunzitsi anzanga, tiyeni tizilemba mayina pa ntchito yathu

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likangotulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, mawayilesi ndi manyuzipepala amathamangira kwa anthu omwe amawatchula kuti akatswiri pa nkhani zamaphunziro. Mudzamvetsere bwino mayina awo ndi komwe amagwira ntchito. Ena ndi a kuyunivesite, ena ndi a mabungwe omwe si aboma, ena ndi akuluakulu omwe anaphunzitsapo kalekale, nthawi ija sukulu zoyendera tinkazitchula kuti ma DEC. Sindikuwanyoza ayi, ambiri amayankhula zomveka ndithu. Koma munthu yemwe wakhala ndi anawo kuchokera Fomu 1, yemwe akudziwa funso lomwe lawagwetsa ndi chifukwa chake, simungamumve. Iye amakhala ali mu sitafu, akumvera nawo wayilesiyo, n'kumangopukusa mutu.

Ine ndimaphunzitsa Chichewa, ndipo choko ndachigwira kwa zaka zoposa 15. Maganizo anga ndi akuti mbali yaikulu ya vutoli ndi yathu yomwe aphunzitsife. Luso tili nalo, koma dzina tilibe, chifukwa ntchito yathu sitiisiya poti munthu wina angaione, kuiyesa, n'kunena kuti iyi ndi ya uje. Mtolankhani sangaimbire foni munthu yemwe sanamumvepo.

Taganizirani za manotsi. Pali manotsi abwino zedi a chimangirizo ndi a malamulo a chiyankhulo omwe akhala akuzungulira m'sukulu zathu, poyamba pa fotokope ya fotokope ina, masiku ano pa WhatsApp. Ukafunsa kuti analemba ndani, aliyense amati "ndinangopatsidwa". Mphunzitsi wina anachezera usiku kuwakonza manotsi amenewo, mwina pa kandulo, koma sanalembepo dzina. Mapeto ake wina wochenjera amawasonkhanitsa, kuwaveka chikuto chokongola, kulembapo dzina lake, n'kumagulitsa ngati pamfuleti pamsika. Potaipa amaonjezeramo zolakwa zake, ana athu omwe n'kumaloweza zolakwazo. Mwini wake weniweni sangadandaule, poti umboni alibe. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndikudziwa chomwe chimatigwira dzanja. Tinaleredwa kuti munthu sadzitama, ndipo mu sitafu mukangooneka kuti mwalemba kanthu, pamapezeka wonong'ona kuti awa ayamba kudzimva, akufuna mpando wa ahedi. Komanso ife a dipuloma tili ndi kamtima kena kodzikayikira, komaganiza kuti zolembalemba ndi za anzathu a digiri ndi a masitazi. Digiri ndi yabwino, ndipo pa nkhani yokwezedwa pantchito imathandiza, zimenezo sindingatsutse. Amene muli ndi mwayi wobwerera kusukulu pitani. Koma pepala la kukoleji limangonena zomwe munaphunzira zaka zapitazo. Silinena kuti mumatha kumuthandiza mwana wa Fomu 3 yemwe chifupikitso chake chimatalika kuposa nkhani yomwe akufupikitsayo.

Ndimakonda kuwakumbutsa anzanga za Samuel Josia Nthara. Bambo ameneyu anali mphunzitsi ku mishoni ya Nkhoma. Buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933 litapambana pa mpikisano wa zolembedwa m'ziyankhulo za mu Africa, ndipo chaka chotsatira linatuluka m'Chingerezi ndi mutu woti Man of Africa, womasulira wake ali T. Cullen Young. Nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe yunivesite ngakhale imodzi, Yunivesite ya Malawi inabwera patapita zaka pafupifupi 30. Mphunzitsi wa kumishoni analemba zomwe ankazidziwa bwino, moyo wa Mchewa kumudzi kwawo, n'kusainapo dzina lake. Lero aphunzitsi a Chichewa tadyera m'bukuli, ndipo a madigiri amalemba za iye. Chimodzimodzinso E.J. Chadza, mlembi wa Ntchito ya Pakamwa ndi Kokha Mcheperawakalulu, naye anali munthu wa choko.

Mwina mukuti, ife si a Nthara, buku sitingalembe. Chabwino, palibe akukuuzani kuti muyambire pa buku. Ine ndikuona kuti dzina la ukatswiri limayambira pa kanthu kakang'ono, kopapatiza, komwe munthu wakadziwa mpaka pansi pake. Kunena kuti "ndine katswiri wa zamaphunziro" n'kusanena kanthu, maphunziro ndi nyanja. Koma patapezeka mphunzitsi m'chigawo chathu yemwe aliyense akudziwa kuti nkhani ya kalembedwe koyenera ka Chichewa ndi yake, tonse tikhoza kumamufuna. Ndi kangati takangana pochonga kuti tilembe "ku mudzi" kapena "kumudzi", mpaka tiyi kuzizira, popanda wotsegula buku? Chonsecho malamulo a kalembedwe alipo. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linawasindikiza, ndipo a Centre for Language Studies ku Zomba, omwe analowa m'malo mwake mu 1996, anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000. Munthu woti wakhala pansi n'kuwerenga zimenezi mofatsa, n'kulemba masamba anayi ofotokozera anzake pomwe ana amaphonya kawirikawiri, ameneyo wayamba kale ulendo. Wa Masamu akhoza kutenga mutu umodzi womwe umazunza ana chaka ndi chaka. Wa Biology kusukulu yopanda labotale akhoza kulemba momwe amaphunzitsira zoyeserera pogwiritsa ntchito mabotolo, mbatata ndi mchere. Zimenezo palibe pulofesa angazilembe bwino kuposa iye.

Apa ndiye pali chuma chomwe timachitaya tsiku ndi tsiku. Mphunzitsi mmodzi amachonga makope mazanamazana pa teremu. Zolakwa za ana sizichitika mwachisawawa, zimabwerezeka, ndipo zimakhala ndi gwero lake. Mwana yemwe kwawo amayankhula Chiyao kapena Chitumbuka amaphonya mosiyana ndi mwana wa ku Dedza, ndipo mwana wa m'tauni ali ndi vuto lakelake losakaniza Chingerezi m'chimangirizo osazindikira n'komwe. Timaziona, timadandaula, n'kuiwala. Gulani kope limodzi lolimba, muzilembamo zolakwa zomwe mwakumana nazo, kalasi yake, tsiku lake, zomwe munayesa pofuna kukonza, ndi zomwe zinatsatira. Pakatha zaka zitatu mudzakhala ndi umboni womwe anthu ofufuza amachita kupempha ndalama kunja kuti adzaupeze m'kalasi mwanu momwemo. Mukadzaimirira pamsonkhano wa aphunzitsi, simudzayamba ndi mawu oti "ine ndikuganiza kuti", mudzangotsegula kope.

Onjezeranipo malipoti a akulu oyang'anira ntchito yochonga mayeso, omwe amafotokoza momwe ana anayankhira funso lililonse. M'sukulu zambiri malipotiwa amangogona mu kabati. Ndipo mwayi wokachonga nawo mayeso a MANEB ukapezeka, pitani ndi maso awiri, lina pa alawansi (tisanamizane, tonse timaifuna), lina pa phunziro. Masabata amenewo munthu umaona mayankho a ana ochokera m'sukulu zomwe sudzafikako, ndipo umadziwa ngati vuto lili m'kalasi mwako mokha kapena ndi la dziko lonse. Zachinsinsi za kumeneko zimatsala komweko, koma diso lomwe wabwera nalo ndi lako.

Tsono pali njira ina yachidule yotchukira yomwe ndikufuna tiikambe poyera. Ndi ija ya mphunzitsi "wolosera". Dzina lake limamveka boma lonse kuti akakuuza mitu isanu, itatu imabwera ndithu. Makolo amamufunafuna, ana amadzaza kalasi yake ya patchuthi. Kuunika mapepala a zaka zam'mbuyo n'kuona mitu yomwe imabwerabwera si tchimo, tonse timachita. Koma mbiri yotere ili ndi njala yoopsa: chaka chilichonse imafuna kuti ulosere molondola kuposa chaka chatha, ndipo tsiku lina munthu umapezeka ukusakasaka "za mawa". Tonse tikukumbukira za mu November 2020, pomwe boma linaimitsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala anali atabedwa, ana n'kudzalembanso mu January 2021. Chinali chaka chomwe sukulu zinali zitatsekedwa kale miyezi yambiri chifukwa cha Covid-19. Ana osalakwa anabwerera kwawo, makolo anafunafunanso ndalama zoyendera ndi za chakudya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphunzitsi wodziwika chifukwa cholosera sangaitanidwe kukathandiza kukonza silabasi, ndipo n'zoyenera kuti asaitanidwe.

Ngakhale mbiri yokhozetsa ana, yomwe ndi yabwino, tiziiyang'ana kawiri. Sukulu zikuluzikulu zogonera konko zimalandira ana omwe anakhoza bwino koposa pa mayeso a Sitandade 8. Mphunzitsi wa kumeneko akatulutsa ma 1 ndi ma 2 timamuombera m'manja, ndipo wagwiradi ntchito. Koma nanga mnzathu wa ku CDSS yemwe walandira mwana wosatha kulemba ndime yomveka, woyenda makilomita angapo m'mawa uliwonse, n'kumuchotsa pa 9 kumufikitsa pa 6? Kwa ine ameneyu ndiye ali ndi zoti atiphunzitse. Vuto ndi loti ntchito yake sioneka pa mndandanda wa zotsatira, pokhapokha iye mwini atasunga umboni wa pomwe mwanayo anayambira. Tabwereranso ku kope lija.

Ena amati, ndife ogwira ntchito m'boma, tikayankhula tidzaitanidwa ku ofesi. Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo sindikulimbikitsa munthu kuti aziyankhulira Unduna kapena kuulutsa za mu ofesi ya ahedi. Unduna uli ndi mneneri wake. Koma kufotokoza momwe mwana angalembere kalata ya ntchito, kapena chifukwa chomwe ana amasokonezera mwambi ndi chining'a, si ndale. Ndi ntchito yomwe boma lomwelo limatilipirira. Ndipo pali malo ambiri oyankhulira omwe safuna chilolezo cha wina aliyense kupatula ulemu wamba: msonkhano wa dipatimenti, maphunziro a aphunzitsi a sukulu zoyandikana, bungwe la aphunzitsi a phunziro lanu, wayilesi ya m'dera yomwe imasowa anthu oti athandize ana nyengo ya mayeso. Vuto lenileni lomwe ndikulivomereza ndi nthawi. Munthu uli ndi makalasi odzaza m'mawa, masana uli ku open kuti malipiro afike kumapeto kwa mwezi, Loweruka kumunda kapena kumaliro. Kwa aphunzitsi aakazi ndiye kuli ntchito inanso yowadikira kunyumba. Pa chifukwa chimenechi ndikunena za masamba anayi pa teremu, osati buku pa chaka.

Wina afunsa kuti, dzinalo tidya? Mwina osati lero. Koma taonani zomwe zimachitika tikakhala chete. Mu 2014 Unduna unalengeza kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Mayeso a JCE anathetsedwa, omaliza n'kulembedwa mu 2016, kenaka anabwezeretsedwa mu 2021. Kaya munagwirizana nazo kaya ayi, mfundo zimenezi zinagwera pa mutu pa ife ndi ana athu. Mphunzitsi aliyense yemwe anaphunzitsa Fomu 2 m'zaka zopanda JCE zija akudziwa momwe ana anasinthira, ena akuti analekerera, ena akuti anapeza mpata wophunzira mosathamangitsidwa. Ndi angati mwa ife analemba zomwe anaona? Nkhani zotere zikadzabweranso, ndipo zidzabwera ndithu, a Malawi Institute of Education ku Domasi akamafuna aphunzitsi oti akhale nawo pokonza silabasi kapena pounika mabuku, adzaitana mayina omwe anawamvapo. Ngati mayina omvekawo ali a anthu odziwa kugwirana chanza ndi mabwana basi, silabasi idzatuluka ya anthu omwe sanaonepo kalasi ya ana 90 akulimbirana mabuku 10.

Chenjezo limodzi kwa amene mwaganiza zoyamba. Mukalemba dzina pa ntchito yanu, mwavomera kuti anthu akutsutseni. Adzakupezerani cholakwa pa tsamba lachiwiri, mwina wokupezeraniyo adzakhala mwana wa dzana yemwe wangochoka kumene ku Nalikule. Muthokozeni, konzani, tulutsaninso. Musanagawe, perekani kwa mnzanu mmodzi wosaopa nkhope yanu kuti awerenge ndi cholembera chofiira. Zomwe mwatenga m'buku la wina nenani kuti mwazitenga kumeneko, chifukwa sitingadandaule za akuba manotsi ifenso tikuba. Ndipo pamwamba pa tsamba loyamba, pambali pa dzina lanu ndi la sukulu, musaiwale kulemba chaka. Silabasi imasintha, mabuku a zolembedwa amasinthidwa, koma fotokope siifa. Mpaka lero ndimakumana ndi ana akuloweza manotsi a mabuku omwe anachotsedwa kalekale pa mayeso, poti palibe chinawauza kuti pepala lomwe agula pamsikalo ndi lamakedzana.