Mlembi ndi Owerenga Ake

Ife amene tinakula tikudikira makalata pa positi ofesi ya ku Old Town tidziwa kukoma kwake kwa envulopu yolembedwa dzina lathu. Lero ana athu a ku Area 47, Area 10 ndi Area 43 salandira makalata otere kawirikawiri, koma ena a iwo amawerenga makalata a pa imelo amene alembi amatumiza sabata ndi sabata kwa anthu amene anapempha okha kuti azilandira. Kodi mlembi avutikiranji chotero, pamene nyuzipepala ndi Facebook zilipo?

Choyamba, m'nyuzipepala mkonzi ndiye agawa malo, ndipo pa Facebook makina ndiwo asankha anthu amene adzaone zolembazo. Koma kalata ya pa imelo ipita molunjika kwa yense amene anapereka keyala yake. Chachiwiri, wowerenga akhoza kuyankha, kufunsa kapena kutsutsa, ndipo potero mlembi adziwa anthu amene alankhula nawo. Chachitatu, alembi ena apezerapo chakudya. Pa Substack, kampani ya ku America imene inayamba mu 1917 ayi, koma posachedwapa mu 2017, owerenga ofuna amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo kampaniyo itengapo magawo 10 pa 100 alionse.

Kwa ife Akhristu njira iyi si yachilendo. Mtumwi Paulo analembera mipingo makalata, ndipo mu Aroma 16 apereka moni kwa anthu oposa 20, aliyense pomutchula dzina. Kwa iye owerenga sanali khamu chabe, koma abale.

Tikumbukenso Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, amene buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933. Iye anayenera kudikira osindikiza kuti mawu ake afike kwa anthu. Mnyamata kapena mtsikana wa lero, atakhala pansi pa mtengo ku City Centre ndi foni yake, akhoza kufikira owerenga tsiku lomwelo, m'Chichewa chathu chomwechi.

Koma ufulu umenewu uli ndi msampha wake. Pamene palibe mkonzi, palibenso wotibweza tikalemba bodza kapena miseche, ndipo kalata ikatumizidwa sibwerera. Dzina la munthu likhoza kuipitsidwa m'mabanja ambiri usiku umodzi.

Chotero achinyamata amene muli ndi mphatso yolemba, lembani, koma musanatumize dzifunseni ngati mungathe kunena mawu omwewo pamaso pa munthu amene mwamutchula. Onetsani zolembazo kwa wamkulu amene mumkhulupirira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo ife makolo tisafulumire kunyoza mwana poganiza kuti angoseweretsa foni. Timpemphe atiwerengere zimene walemba, timvetsere mpaka kumapeto, ndipo pamenepo timlangize.