Wovina Amafupidwa Pabwalo

Mnzathu wina wa kuntchito adatifunsa funso labwino sabata yatha tili pa nkhomaliro. Mwana wake wamwamuna, yemwe ali Fomu 3, wapatsidwa gawo lalikulu m'sewero la kusukulu kwawo. Ndi sewero lija losakaniza zolankhula, nyimbo ndi magule, loti wosewera amalankhula pang'ono, kenaka n'kuyamba kuimba, anzake n'kumamuvomera kumbuyo. Mnyamatayo akaimba yekha pamaso pa sukulu yonse ndi makolo. Tsono bamboyo adati, "Akuluakulu, mwanayu ndimugulire chiyani?"

Mayankho sadachedwe. Wina adati foni. Wina adati jezi ya Bullets. Wina adati, "Mungomutumizira kangachepe pa foni, aziona yekha." Koma amene adandiwawitsa nsima ndi mkulu wina amene adati, "Mugulireni buku la masamu, akumbukire chimene mumalipirira fizi." Anthu adaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndidangofunsa mwini funso kuti, "Nanga inu achimwene, tsikulo mukakhala mpando uti?" Adandiyankha mosavutika mtima: "Aa, ine Loweruka ndatanganidwa. Apita mayi ake."

Nkhani yonse yagona pamenepo. Bambo akufunafuna mphatso yoti ikamuimirire pamalo pamene amayenera kukakhala iye mwini.

Funso limeneli makolo athu adaliyankha kalekale, ndipo adaliyankha pabwalo la gule. Kaya ndi chimtali, kaya mganda, kaya beni kapena malipenga, wovina akatyola dansi mogwira mtima, munthu amadzuka pomwe wakhala, n'kulowa m'bwalo ng'oma ili mkati molira, n'kumufupa anthu onse akuona. Wina amaponya ndalama kumapazi, wina amamuika m'manja, mayi wina amavula chitenje chapamwamba n'kumukoleka m'khosi, nthungululu zili wiriwiri. Ndalamayo nthawi zambiri inkakhala yochepa, yosakwana n'kugula mchere womwe. Chimene chinkalemera n'chakuti wofupayo waona ndi maso ake, wakhutira, ndipo sakuchita manyazi kuuza mudzi wonse kuti wovinayu wamukondweretsa. Palibe munthu adafupapo wovina ali gone kunyumba kwake. Kutumiza ndalama iwe osakapondako kuli ngati kutumiza feteleza kumunda umene sunakauonepo: mwina chimanga chibereka, koma sudzadziwa kuti mzere uti udavuta.

Tiyeni tiganize kaye zimene mnyamata wa zaka 15 kapena 16 amadutsamo kuti afike poima pansanja. Anzake akamathamangira kubwalo la mpira madzulo, iye amatsala m'holo kapena m'kalasi mosunthidwa madesiki, kubwereza mzere umodzimodzi mpaka aphunzitsi atavomera. Msinkhu umenewu ndi umene mawu a mnyamata amasintha. Lero atuluka okhuthala, mawa athawira m'mwamba pakati pa nyimbo, anzake n'kuphulika nako kuseka. Kunja kwa holo kuli ena omunena kuti zoimbaimba ndi zovinavina n'za atsikana. Akagona usiku amalota ataiwala mawu pamaso pa ahedi. Mwana amene wapirira zonsezi n'kufika tsiku lenilenilo wachita chinthu chimene akuluakulu ambiri timachithawa. Tonse timawadziwa amuna andevu zawo amene akapatsidwa mwayi wolankhula pamaliro kapena paukwati, maondo amagundana, mawu n'kuuma kukhosi. Ndiye mwana wagonjetsa mantha otere, ife n'kumulandira ndi buku la masamu?

Apa ndiye pali chilonda changa chakale. M'dziko muno timakonda zisudzo, koma sitifuna kuti ochita zisudzowo atuluke m'nyumba mwathu. Tidakula tikukhala mozungulira wailesi kumvera Sewero la Sabata Ino, Kapalepale ndi Pamajiga. Tidaseka mpaka misozi ndi Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi a gulu la Kwathu. A ku Blantyre mukukumbukira mmene anthu ankadzazira ku French Cultural Centre Lamulungu masana. Koma mwana wathu akati akulowa kalabu ya zisudzo, timakwinya nkhope n'kuti, "Zachibwana zimenezo, mayeso ali pafupi."

Zachibwana? Du Chisiza Jr adayambira kusukulu. Ali pa sekondale ya HHI ku Blantyre adalemba sewero lotchedwa The Deceased's Attack, limene lidapambana mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale mu 1982. Atabwerako ku maphunziro ku America adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ndipo mu 1993 adakhala nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe. Adamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha, koma mpaka lero ukatchula zisudzo za m'Malawi dzina lake ndilo limayamba kubwera pakamwa. M'manja mwake mudadutsa malemu Gertrude Kamkwatira, amene pambuyo pake adatsogolera gulu lakelake la Wanna Do. Mpikisano wa sukulu uja, wa ATEM, umene udamuonetsa Chisiza poyera, wasula achinyamata kwa zaka zambirimbiri, ndipo ena mwa iwo lero ndi maloya, aphunzitsi, atolankhani ndi abusa. Michael Usi, amene dziko lidamudziwa ngati Manganya wa mu Tikuferanji, adalumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024.

Sindikunena kuti mwana aliyense woimba pasukulu adzakhala nduna. Ambiri sadzakweranso nsanja akamaliza Fomu 4, ndipo palibe cholakwika. Koma mwana amene waphunzira kusunga nthawi ya mapulakatisi, kuloweza masamba ambirimbiri, kudikira mnzake amalize kulankhula, kutulutsa mawu omveka mpaka kumpando wakumbuyo, ndi kupitiriza sewero ngakhale magetsi atazima, watenga maphunziro amene adzamuthandize pa intavyu, pamsonkhano wa kumudzi ndi pa guwa. Masamu ndi ofunika, ndani angakane? Koma ali ndi masiku ake ambiri m'chaka. Tsiku la sewero ndi limodzi.

Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa umatikumbutsa kuti chimene wapereka sichitayika, chimakadikira kutsogolo. Ndiye funso la mphatso ndi funso lakuti: mwa mwanayu ndikufuna kuikamo chiyani choti ndidzachipeze akadzakula? Mukamupatsa foni, mwaika foni, ndipo pakatha zaka ziwiri idzakhala itasweka galasi. Mukamupatsa chinthu chonena kuti luso lake mwaliona ndipo mwalilemekeza, mwaika mtima wolimba, ndipo umenewo sutha batire.

Mphatso yoyamba tsono ndi mpando. Pitani. Ngati sukulu ndi yogonera konko ndipo ili kutali, ndalama imene mukadagulira jezi ikhale ya minibasi. Fikani nthawi yabwino, khalani poti akuoneni, ndipo foni ikhale m'thumba. Ichinso chimandinyansa masiku ano: holo yonse manja m'mwamba, aliyense akujambula, mwana akayang'ana kwa anthu akuona misana ya mafoni m'malo mwa nkhope ya bambo ake. Pemphani munthu mmodzi ajambule, enanu onerani ndi maso. Akamaliza kuimba, ombani m'manja osaumira, amayi aimbe nthungululu ngakhale sukuluyo ikhale yachizungu chotani. Ndipo mukakumana panja musangoti "wachita bwino." Muuzeni malo enieni amene adakugwirani mtima: "Paja udatembenuka n'kutsitsa mawu paja, holo yonse idangoti zii." Akamva zimenezo adziwa kuti mudaoneradi.

Zogula zilipo, ndipo zambiri sizodula. Tsiku lisanafike, mutumizireni kabotolo ka uchi weniweni, mandimu ndi jinja, ndi kafulasiki kosungira madzi ofunda. Aliyense woimba kwaya akuuzani kuti kukhosi kukakhala kouma nyimbo siyenda. Mphatso yotere imauza mwana kuti mukudziwa ntchito imene ali nayo. Funsaninso ngati zovala za m'sewero zakwana. M'sukulu zambiri ana amabwerekana majekete ndi nsapato, ena amavina ndi nsapato zothina mpaka matuza. Ulendo umodzi wa pa kaunjika, kapena kwa telala wa pakhonde kuti abweze thalauza m'chiuno, ungachotse nkhawa imene mwana amachita manyazi kuitchula.

Sewero likatha, tsukitsani chithunzi chimodzi chabwino, chimene ali pakati pa nyimbo, muchiike m'felemu, muchipachike pabalaza pafupi ndi zithunzi za ukwati ndi za magauni a maphunziro. Zithunzi za m'foni zimapita ndi foniyo ikabedwa. Chapakhoma chimaonedwa ndi mlendo aliyense, ndipo mlendo aliyense amafunsa, mwana n'kumva bambo ake akufotokoza monyadira. Ngati sukulu idasindikiza pepala la ndondomeko ya tsikulo, lisungeni, anzake onse a m'seweromo alembepo maina awo kumbuyo. Pakadzatha zaka 20 pepala limenelo lidzaposa mphatso zonse zimene adalandira chaka chimenecho.

Ngati mwaona kuti mwanayo zisudzo zamulowa m'magazi, mugulireni kope lachikuto cholimba ndi cholembera chabwino, mumuuze kuti alembemo nyimbo ndi masewero akeake. Mufunireni mabuku a masewero olembedwa ndi anthu akwathu, monga The Rainmaker la Steve Chimombo, lonena za M'bona, kuti adziwe kuti nkhani za kwathu kuno nazonso zimakwera nsanja. Amene thumba likuwalola, gitala ndi mphatso yokhalitsa, ngakhale yogula kwa wina. Amene thumba lili lopyapyala, pitani kwa mmisiri wosema ng'oma, kapena kambiranani ndi woimba kiyibodi wa kutchalitchi kuti azimuphunzitsa pa holide, inu muzimuthokoza ndi kangachepe. Ndipo gulu la zisudzo likabwera m'tauni mwanu, mutengeni mukaonere limodzi, awirinu, bambo ndi mwana. Anyamata a msinkhu umenewu salankhula zambiri ndi abambo awo, koma pobwerera kuchokera koonera sewero, pakamwa pamatseguka pokha.

Musaiwale mphika. Kwathu kuno munthu akachita zazikulu timamuphera nkhuku. Tsiku limene abwere kunyumba, nkhuku yachikuda igwe, mpunga uphikidwe, ndipo chiwalo chimene chimapita kwa bambo tsiku limenelo chipite kwa iye. Agogo ake aitanidwe, amalume ake auzidwe. Mwina achita manyazi n'kumati, "Aa, adadi, zachuluka," koma mumtima akusunga zonse.

Pali mphatso zina zimene ndikupempha kuti tizisiye. Mphatso yokhala ndi chidzudzulo m'kati si mphatso. Mawu akuti "wasangalala, tsopano zithe, ulimbikire sukulu" asatuluke tsiku limenelo. Kumuyerekeza ndi mkulu wake amene adakhoza bwino sayansi kudikire. Ndipo tisamulonjeze kuti tidzamugulira chakuti akapambana mpikisano, ngati kuti kuimba kwake kuli ndi phindu pokhapokha oweruza akavomereza. Pabwalo la gule sitidikira oweruza kuti tifupe.

Chomaliza, ndipo ichi ndikuchinena kwa makolo onse amene adzapite. M'sewero lililonse la pasukulu muli ana amene sadzaona nkhope ya kwawo m'holomo. Ena makolo awo adamwalira, ena ali ku Joni, ena ndalama ya ulendo yawasowa. Mulinso ana amene ntchito yawo sioneka: woimba ng'oma amene wakhala akuiwamba pamoto kuseri kwa holo kuti ilire bwino, wokoka katani, wonong'oneza mawu kwa amene waiwala, mtsikana amene wasoka zovala usiku, ndi mphunzitsi amene wataya madzulo ake kwa teremu yonse popanda ndi tambala yomwe yowonjezera. Popanda amenewa mwana wanu sakadaimba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsono pokonza za mwana wanu, konzani zokwanira gulu: beseni la mandasi, mtedza wokazinga, zakumwa zoti agawane. Mukatha kukumbatira wanu, funsani kuti woimba ng'oma uja ndi uti, mumugwire chanza, mumufupe nayenso. Kenaka mukawapeze aphunzitsi aja muwathokoze pamaso pa ana awo, chifukwa chaka chamawa tikufuna adzavomerenso kuyambitsa sewero lina.