Makina osema sangalowe m'malo mwa diso la mmisiri

Pa Facebook ndi pa TikTok pakuyenda makanema a makina otchedwa CNC router akusema maluwa ndi nkhope za anthu pathabwa popanda wogwira tchizulo. Achinyamata a pa Kasiya, Nsaru ndi Namitete akaona zimenezi mtima umadyokoka, ena mpaka kuyamba kuvutitsa makolo kuti ndalama za fodya kapena soya za chaka chino zigulire makinawo. Inu makolo, musathamangire kumasula chikwama. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makinawa sadziwa kusema. Amangotsata malangizo a manambala, otchedwa G-code, ouza kampeni kozungulira koti kapite ndiponso kuti kalowe mozama bwanji. Malangizowo amachokera pa chithunzi chomwe munthu waumba pakompyuta, chokhala ndi utali, m'lifupi komanso kuya. Ntchito yeniyeni yagona pamenepo. Chithunzicho chikakhala chopotoka, makina adzasema chopotoka chomwecho, ngakhale maulendo 100.

Tiyerekeze kuti mpingo wa ku Kabudula waoda chitseko chokhala ndi mayi atabereka mwana. Thabwa lake mwina ndi la mamilimita 25 kuchindikala, ndiye mutu, phewa ndi chitenje zonse ziyenera kukwana m'mamilimita 10 okha, koma woona kuchokera patali azindikire kuti uyu ndi munthu. Kudziwa poti patukuke ndi poti palowe ndi luso la wosema ziboliboli. Komanso makina ang'onoang'ono ambiri amasema kuchokera pamwamba pokha, sangagobe kunsi kwa chibwano kapena kuseri kwa khutu, choncho woumba chithunzi ayenera kuganiziratu zimenezi.

Ena amafuna chidule, kungoika chithunzi cha pafoni kuti kompyuta ichisandutse chosema. Njira yophweka ya mtunduwu imatenga mbali yowala kukhala yotukuka, yakuda kukhala dzenje. Zotsatira zake, malaya oyera amatuluka ngati chulu pamene nkhope ya agogo yamira. Thabwa la mlombwa kapena mbawa, mitengo yomwe ikusowa kale, lapita pachabe, kuphatikizapo maola ambiri omwe kampeni kakang'ono kamatenga posalaza.

Chidule china n'kukopera pa intaneti zithunzi zoumbidwa kale. Vuto ndi lakuti zambiri ndi ziombankhanga, zimbalangondo ndi mphesa za kwa eni ake. Tikadalira zimenezi, zitseko, mipando ndi mabedi a ku Nambuma zidzafanana ndi za ku China, ndipo pa mtengo a ku China adzatigonjetsa. Chomwe iwo alibe ndi nkhokwe yathu, ngolo ya ng'ombe, chigafa cha fodya, mtondo ndi munsi. Izi angaziumbe bwino ndi mwana yemwe wakula akuziona.

Phunziro lili ku Mua m'boma la Dedza, komwe bambo Claude Boucher Chisale adakhazikitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976. Osema a kumeneko adatchuka mpaka kunja chifukwa chosema miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ngakhalenso nkhani za m'Baibulo, ndi nkhope za Chimalawi. Ogula amalipira chifukwa cha diso la mmisiri.

Sindikuti makina ndi oipa. Kalipentala wokhala ndi oda ya zitseko 20 zofanana angapindule nawo kwambiri. Koma mwana ayambe ndi pensulo ndi pepala, kenaka akhale pa shedi ya mmisiri wamkulu aphunzire momwe thabwa limang'ambikira ndi momwe laliwisi limapindikira. Akatero aphunzire kuumba pakompyuta. Pulogalamu ya Blender ndi yaulere, ndipo kuyeserera sikufuna makina kapena thabwa. Sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete pamodzi ndi bungwe la TEVETA aganizirepo zoti wophunzira ukalipentala azituluka akudziwanso kujambula kotereku.

Nanunso amisiri akuluakulu, musamubise mwana luso poopa kuti makina akulandani nsima. Zomwe muli nazo m'mutu ndi zomwe makinawo akusowa. Mwana akaonetsa kuti atha kuumba nkhope ya agogo ake mpaka apabanja n'kuizindikira, pamenepo nkhani yogula makina ikambidwe.