Mfumu Yaikazi ya ku Madurai ndi Mkamwini Wace



Ana athu opita ku nchito ku Durban amaona Amwenye a mtundu wa Tamil, amene makolo ao anayamba kufika komweko m'caka ca 1860 kudzalima nzimbe. Pobwera atifunsa za milungu yao yaikazi imene aibveka maluwa. Tsono mwezi uno tinena za mmodzi wochuka kwao, ndiye Meenakshi, wa m'mzinda wa Madurai, kumwera kwa India.

Dzina lace litanthauza wa maso onga a nsomba. Eni ace amati, monga nsomba sitsinzina, momwemonso maiyu sacotsa maso pa ana ace. Mwambi wao uti iye anali mwana wa mfumu ya Apandya, nalowa ufumu wa atate wace, nagonjetsa maiko ambiri, kufikira anakomana ndi mlungu wao Shiva ku phiri la Kailasa. Koma taonani, mkazi sanatengedwe ai. Mwamuna ndiye anadza kudzakhala ku Madurai, napatsidwa dzina lakuti Sundareswarar. Ife a ku Ncheu cimeneci ticidziwa bwino: ndi cikamwini.

Kacisi wao wamkuru anakuzidwa kwambiri m'masiku a mfumu Tirumala Nayaka, amene analamula kuyambira 1623 kufikira 1659. Olowamo amayamba kulonjera mkazi, mwamuna pambuyo. Usiku uli wonse fano la mwamuna alinyamula pa macila kunka nalo ku cipinda ca mkazi. Caka ndi caka, pakati pa April ndi May, acita cikumbutso ca ukwati wao, ndipo namtindi wa anthu asonkhana.

Pa caka comweco akumbukanso mlongo wa mkwatibwi, Kallazhagar, amene anacokera ku phiri kwao kudza ku ukwati, koma anacedwa. Pofika pa mtsinje wa Vaigai anamva kuti zonse zatha, ndipo anabwerera osalowa m'mzinda.

Ife sitipembedza Meenakshi, koma mwambi uwu utifunsa mafunso awiri. Loyamba likhudza inu eni mudzi ndi akamwini anu. Mkamwini wa ku Madurai sayesedwa kapolo, ndipo mkazi wace sacepa cifukwa ca kukwatiwa. Onse awiri alemekezedwa m'nyumba imodzi. Nanga bwanji kwathu kuno mkamwini wina amlimitsa ngati ng'ombe, wina nabwezera mkwiyo wace pa mkazi?

Laciwiri likhudza inu atsibweni ndi ankhoswe. Kangati mlongo wanu anatuma mthenga kuti banja labvuta, inu nimuti tidzabwera tikakolola? Pofika inu, mwamuna anamanga kale katundu, ana ali kulira pa khonde.

Musaime pa tsidya la mtsinje, abale. Mwezi uno yenderani mbumba yanu mlandu usanakule.

Tsalani bwino nonse.